Tinagulitsa Bekale Uvuni Uli Wotentha

Bekale yathu inali pa Mtengowanthenga, kuseri kwa magolosale, pamalo poti fungo la masikono linkawoloka msewu n'kukapeza anthu odikirira matenda kuchipatala. Tinali awiri, ine ndi achemwali anga aakulu. Anaimanga ndi bambo athu, ndipo atamwalira anatisiyira uvuni wa njerwa, mathileyi khumi ndi awiri, chibeseni chokandiramo mtanda, njinga yakapalasa yokhala ndi bokosi la buledi kumbuyo, ndi envulopu ya khaki yodzaza mapepala a boma. Bambowo ankaliopa boma kuposa mphenzi. Chilichonse chimene amva kuti chimalembetsedwa, ankathamanga kukalembetsa. Akanamva kuti nkhuku nazo zimalembetsedwa, akanazinyamula m'chitete mpaka ku Dowa.

Matipate atangobwera kumene, aliyense ankaoneka ngati waledzera pang'ono. Anthu ankayankhula mokweza m'matola, ankatsutsana za ndale pachigayo, ndipo palibe amene ankacheukanso kuti aone amene akumvetsera. Mphepo yomweyo inalowanso m'nyumba mwathu. Achemwali, amene anali atakhala paumasiye zaka zambiri, anafunsiridwa ndi mphunzitsi wina wa ku Ntchisi, wadazi koma woseka bwino, ndipo anayamba kuimba pokanda mtanda. Ine ndinaitanidwa ku maphunziro a uphunzitsi, poti ana anali atasefukira m'masukulu ndipo ankasaka aliyense wotha kugwira choko. Choncho panalibe wotsala woti azisonkha moto mu uvuni. Tinagwirizana zogulitsa.

Ogula sanachedwe. Linali banja la ku Phalombe, lomwe linakhala paesiteti ya fodya cha ku Bowe ngati matenanti kwa zaka zochuluka. Bambowo anali wamfupi, wolongolola, zikhatho zake zakuda ndi utomoni wa fodya. Mayiwo anali wamtali, wosayankhulayankhula, maso okhaokha. Anazungulira bekale yonse, bambo akugogoda makoma ngati akusankha dzungu, mayi akusuzumira mu uvuni.

"Tatopa kulima fodya wa eni," anatero bambowo. "Chaka chino tapezako kangachepe. Tikufuna chinthu choti tikadzuka m'mawa tizinena kuti ichi n'chathu."

Mtengo tinamvana tsiku lomwelo. Achemwali analulutira mpaka agalu a kugolosale anauwa, ndipo tonse anayi tinamwa tiyi ndi masikono awiriawiri.

Amene anatidula chimwemwe anali mkulu wina wopuma ntchito ya ukalaliki, yemwe ankabwera m'mawa uliwonse kudzagula sikono imodzi n'kuidya pang'onopang'ono ngati mankhwala. Atamva nkhaniyo anatiyamikira, kenaka anafunsa, "Nanga za msonkho mwalongosola?"

"Msonkho wake uti, bambo?" anayankha achemwali. "Msonkho unapita limodzi ndi makadi a chipani. Kodi simumvera wailesi?"

"Umene unatha ndi uja ankathamangitsira amuna m'midzi. Koma satakisi, msonkho wa pamalonda, ali moyo, mayi, ndipo ali ndi mano. Bambo anu ndinkawadziwa ine. Tapitani mukaone mu envulopu yawo."

Tinaitsegula masana omwewo. Zoonadi, pakati pa layisensi ndi makalata a zaumoyo panali pepala lachikasu, la Chingerezi chokhachokha, losonyeza kuti bekale yathu inalembetsedwa pa msonkho wa zinthu zopanga ndi kugulitsa. Bambo ankapita okha kukalongosola zimenezi, ndipo atamwalira amalume ndiwo ankatithandiza, ife tinkangopereka envulopu osafunsa. Linali ndi mndandanda wa katundu yense wa m'bekale, ndipo pansi pake panali mawu oti bizinesi ikasintha mwini, ofesi iyenera kudziwitsidwa. Ndinawerenga mokweza kawiri. Achemwali anakhala pathumba la ufa n'kunena kuti, "Bambo inu, ngakhale kumanda mukutilembetsabe!"

Lolemba lake tinakwera matola tonse anayi kupita kuboma. Bambo a ku Phalombe anabwereka jekete lalikulu lomwe manja ake ankabisa zala. Galimoto inkakwera mapiri aja ikulira ngati ikupempha chikhululukiro, ndipo pachitunda china amuna onse anatsika kukankha. Bambowo anakankha atavala jekete lomwelo, akuuza aliyense kuti akupita kuofesi pa nkhani ya kampani yawo. Ine ndi achemwali tinkangotsinana.

Kuboma anatiyendetsa zitseko zitatu. Pachitseko chachinayi mesenjala anatiuza kuti tili ndi mwayi, chifukwa bwana wa zamisonkho wochokera ku Lilongwe anali komweko tsiku limenelo. Tinakonza zitenje, bambo aja anamanga mabatani onse, ndipo tinalowa titaweramira pansi.

Bwanayo anali mtsikana. Msinkhu wake sunkaposa wanga. Ndipo ataimirira kuti atipatse moni, tonse tinaona kuti wavala thalauza. Masiku amenewo lamulo loletsa akazi kuvala thalauza linali litangochotsedwa, ndipo kwathu tinali tisanaonepo mkazi atavala poyera, tinkangomva kuti mumzinda ayamba. Achemwali anandigwira mkono mwamphamvu moti zala zawo zinasiya zizindikiro. Bambo a ku Phalombe anasowa poyang'ana, ndiye anasankha kalendala ya pakhoma n'kumayankhula nayo.

"Bwana... mayi... mayi bwana, ife tabwera kudzagula bekale."

"Kuno sitigulitsa bekale, bambo," anatero mtsikanayo, akubisa kuseka. "Takhalani pansi. Ndani akugulitsa, ndani akugula?"

Ndinafotokoza ine, n'kumupatsa pepala lachikasu lija. Analiwerenga, kenaka anafunsa funso lomwe linatisokoneza tonse.

"Mukugulitsa bekale, kapena mukugulitsa katundu wa m'bekale?"

"Zikusiyana pati, mwana wanga?" anafunsa achemwali, maso akadali pathalauza.

Anaganiza pang'ono, akugogoda cholembera patebulo. "Amayi, tinene kuti muli ndi ng'ombe. Mukhoza kuigulitsa yamoyo, ikuyenda, wogulayo n'kuikoka ndi chingwe kupita nayo kwawo kukapitiriza kukama. Mukhozanso kuipha, uyu n'kugula mwendo, uyo chiwindi, wina chikopa. Ng'ombe ndi yomweyo, koma malonda ake ndi osiyana. Ngati bekale ikupita yonse kwa bambo ndi mayiwa, ikugwira ntchito, ndipo iwo apitiriza kuphika, ine ndingotseka dzina lanu, iwo alembetse lawo, nkhani ya msonkho ipitirire ndi iwo kuyambira tsiku limenelo. Koma ngati mukumwaza, ufa kwa uyu, mathileyi kwa uyo, ndiye kuti chilichonse ndi malonda pachokha, ndipo tiyenera kukhala pansi n'kuona msonkho wa chimodzichimodzi."

Sindikudziwa ngati lamulo linkanena ndendende choncho, kapena mtsikanayo anangotithirira mchere kuti timeze bwino. Koma tinamva, ndipo mpaka lero ndikamva anthu ophunzira akukangana za kugulitsa bizinesi, ine ndimaona ng'ombe.

"Yamoyo!" anakuwa bambo a ku Phalombe, akuuza kalendala. "Ife tikugula yamoyo!"

"Chabwino. Lachisanu la sabata ya mawa ndidzadutsa pa Mtengowanthenga. Ndidzaone ndi maso kuti zonse zimene zalembedwa apa zilipo, uvuni ukuyaka, ndipo ogulawa ndiwo akuphika."

Tinatuluka tikuuluka. Panja tinagula nzimbe, bambo aja anavula jekete n'kulizunguza m'mwamba. Koma titakwera matola obwerera ndinaona kuti achemwali angogwira nzimbe m'manja osaisenda.

"Achemwali, kwagwanji?"

"Iwe," ananong'ona, "njinga ija ili papepala?"

"Ili pamwamba penipeni."

"Ndinagulitsa."

Anali ataigulitsa sabata yapitayo kwa msuweni wa bwenzi lawo lija, wa ku Msakambewa, ati pofuna kudzikometsera kuchibale chatsopano. Ine ndinkayesa ili kokonzetsa. Ndisanatseke pakamwa anaonjeza kuti mathileyi asanu anapatsa amayi a kumpingo, ndipo chibeseni chachikulu analonjeza mnansi wathu wophika thobwa.

Mayi a ku Phalombe, amene kuyambira m'mawa anali asanatulutse mawu opitirira atatu, anati, "Ndiye kuti ng'ombe ija mwayamba kale kusenda."

Tinaseka mpaka woyendetsa anaimitsa galimoto poganiza kuti wina wagwa. Ndipo tisanapume, bambo aja anakanda m'mutu n'kuulula zawo. Chibadwire anali asanaphikepo ngakhale chitumbuwa. Iwo ankaganiza kuti ukagula bekale, masikono amabwera nayo.

Tinali ndi masiku khumi ndi limodzi.

Mathileyi sanavute, achemwali anakawatenga okha atavala nkhope ya kumaliro. Wa thobwa anangouzidwa kuti boma lakana. Njinga ndiyo inali ntchito. Tinapita ine ndi mayi a ku Phalombe, matola mpaka pomwe msewu unatilola, kwinako wapansi, kudutsa minda ya chimanga chouma ndi zigafa za fodya. M'njira ndi momwe ndinawadziwira mayiwo. Anandiuza kuti paesiteti anasamukapo nyumba kanayi, ndipo sanadzalepo mtengo wa zipatso chifukwa sankadziwa ngati adzadya. Anati chinthu choyamba chimene adzachite pabekale ndi kudzala papaya.

Msuweni uja tinamupeza akupukuta njingayo ndi kansanza, ataimangirira maluwa a pulasitiki pahandulo. Atamva chimene tabwerera anakana kwamtuwagalu.

"Malonda ndi malonda, alamu. Masiku ano ndi a ufulu. Palibe wolanda mnzake katundu."

Ndinachonderera, ndinatchula ukwati ukubwerawo, ndinatchula malemu bambo, koma iye ankangopukuta sipoko. Kenaka mayi a ku Phalombe anayankhula, motsitsa, ngati akufunsa njira.

"Palibe kanthu, achimwene. Khalani nayo. Kungoti njingayi ili m'buku la boma. Bwana wa msonkho akafunsa Lachisanu, tidzangomulozera kuno. Kodi mudzi uno dzina lake n'chiyani, kuti asadzasochere?"

Munthu uja anamasula maluwa ake mofulumira kuposa mmene anawamangira. Tinamubwezera zake, iye natibwezera zathu. Koma bokosi la buledi anali atalichotsa, ndipo tinalipeza kuseri kwa nkhokwe, muli nkhuku ikufungatira mazira. Mkazi wake anatukwana pang'ono, tinasamutsira nkhukuyo m'dengu ikutijompha tonse, ndipo bokosi tinalimanga pambali ndi luzi.

Ine njinga sindinkatha kupalasa bwino. Mayi aja anakwinya chitenje, nakwera, n'kundiuza kuti ndikhale pakaliyala. Sitinadziwe kuti msuweni uja anali atamasula mabuleki akumbuyo kuti akonze. Tinazindikira pachitsetso choyamba. Mitengo inayamba kuthamanga, bokosi likugunda mwendo wanga, mbuzi zikubalalika, ndipo mayi ofatsa aja ankakuwa m'Chilomwe mawu amene sindinawafunse tanthauzo. Ine ndinkangoitana amayi anga omwe anamwalira kalekale. Tinakaima m'munsi mwa dambo, m'mzere wa mbatata wa munthu wina, tonse chagada, miyendo m'mwamba. Palibe anavulala. Tinagona pomwepo tikuseka mpaka misozi, ndipo mwini munda atabwera ndi khasu anatiyang'ana n'kubwerera. Zitsetso zotsalazo tinatsika tikuikoka.

Masiku otsatirawo bekale inasanduka sukulu. Banja lija linkagona kwa mnansi, n'kumalawirira tambala woyamba. Achemwali anatenga bambo, ine ndinatenga mayi. Bambowo ankakanda mtanda ngati akupana fodya pajeke yomangira mabelo, thukuta kamukamu, akufotokoza mmene adzakulitsire kampani mpaka ku Mponela. Masikono awo oyamba anatuluka olimba moti mkulu wa ukalaliki uja analuma kamodzi, nagwira chibwano, n'kufunsa ngati tayamba kuumba njerwa. Tsiku lachiwiri anaganiza kuti vuto linali kuchepa kwa yisiti, ndiye achemwali atatuluka anathiramo paketi yonse. Titabwerako tinapeza mtanda watuluka m'beseni, watsika patebulo, ukulowera kukhomo, bambowo akuubweza ndi manja awiri n'kumaunyengerera, "Bwerera, bwerera, mwanawe."

Mayiwo anali nkhani ina. Ndinawaonetsa kamodzi kokha. Ankatsina mtanda ndi zala ziwiri n'kudziwa ngati wafika, monga ankadziwira tsamba la fodya ngati lafewa mokwanira kumanga. Kutentha kwa uvuni ankayeza polowetsa mkono n'kuwerenga chamumtima. Pofika Lachitatu masikono awo ankafufuma kuposa anga, ndipo zinandiwawa pang'ono, ngakhale sindinauze munthu.

Achemwali anali ndi nkhawa ina. Ankati bwana uja akapeza pabekale palibe ogula, adzati ng'ombe ndi yakufa. Choncho anauza amayi awiri atatu kuti Lachisanu adzabwere kudzaima pamzere. Amayiwo anauza anzawo, n'kuonjezera kuti kukubwera mkazi wovala thalauza. Lachisanu dzuwa lisanakwere, pabwalo pathu panali anthu ngati pamsonkhano wa chipani. Ogulitsa tomato anasamutsira malonda awo pomwepo. Ena anabwera ndi mipando. Wina anafunsa kuti kodi agawa nsalu nthawi yanji.

Mtsikana uja anatsika minibasi cha m'ma teni koloko, atanyamula chikwama cha mapepala. Mayi wina kumbuyo analulutira, ndipo bwalo lonse linaombera m'manja. Iye anaima, nayang'ana kumbuyo kuti aone ngati pali wolemekezeka wina amene akumutsatira. Ataona kuti ndi iye, anagwira pakamwa n'kuyenda mofulumira kulowa m'bekale.

"Amayi, anthu onsewa ndi a chiyani?"

"Makasitomala," anatero achemwali osaphethira.

Anatulutsa pepala n'kuyamba kuitana zinthu ngati mayina a ana m'kalasi. Uvuni, ulipo, ukuyaka. Mathileyi anawerenga yekha. Chibeseni. Matumba a ufa. Njinga tinali titaitsuka n'kuiimika pakhomo. Anatsegula bokosi, nasuzumira, n'kutulutsamo nthenga imodzi yofiira. Anaiyang'ana, natiyang'ana ife. Anaiika m'thumba la malaya ake n'kulemba chizindikiro papepala.

"Tsopano ogula aphike ndione."

Bambo a ku Phalombe anapita kutsogolo atavala epuloni ya malemu bambo, yomwe inkawafika m'mapazi. Anagwira thileyi, nayamba kufotokoza mbiri ya moyo wawo kuyambira tsiku limene anakwera lole ku Phalombe. Akazi awo anawalanda thileyiyo mwakachetechete.

"Bambo a kunyumba, inu kaoneni makasitomala panja."

Anadula mtanda, naumba, nandandalika, nalowetsa mkono mu uvuni, nadikira pang'ono, kenaka n'kulowetsa thileyi. M'bekale munangomveka nkhuni zikuthetheka ndi phokoso la anthu panja, komwe bambo aja anali atayamba kale kulankhula kukhamu ngati phungu. Masikono atatuluka anali ofiirira bwino, otukuka ngati masaya a khanda. Mtsikana uja ananyema imodzi, nauzira, nadya. Anadyanso theka linalo. Kenaka anakhala pathumba la ufa, osasamala thalauza lake lakuda, nasayina mapepala, n'kuwaonetsa mayi aja poti adinde chala. Mayiwo anakana inki. Anatenga cholembera n'kulemba dzina lawo okha, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Amuna awo anaitanidwa kudzadinda pambuyo.

Mtsikanayo anafotokozera banjalo masiku oyenera kupita kuofesi ndi mapepala oyenera kusunga, ndipo mayiwo anamufunsa mafunso anayi amene ine sindinawaganizepo zaka zonse zimene ndinaphika pamenepo. Kwa ife anangoti, "Inu mwamasuka."

Achemwali anatuluka ndi mawu amenewo kukauza khamu, ndipo zimene zinachitika panja sindingathe kuzilongosola bwino. Masikono onse anatha m'kanthawi kochepa. Tinaphikanso kawiri. Wina anabweretsa wailesi, amayi a kumpingo anayamba kuvina, mkulu wa ukalaliki anavina atagwira ndodo yake m'mwamba, ndipo mtsikana wa boma uja anaperekezedwa kumsewu ndi anthu osachepera makumi atatu, atanyamula jumbo ya masikono yomwe anaumirira kulipira.

Madzulo ake, anthu atabalalika, ndinapereka kiyi. Ndinali nditaseka sabata yonse, ndiye sindinayembekezere kuti dzanja lingakane kutambasuka. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana mwaye wa pakhoma, pomwe bambo ankalembapo ndi chala akafuna kutiphunzitsa samu tili ana. Mayi a ku Phalombe sanandifulumize. Anadikira mpaka ndinawapatsa ndekha, ndipo anaimanga pakona ya chitenje.

Achemwali anakwatiwa mwezi wotsatira n'kupita ku Ntchisi, komwe anakhala zaka zabwino ndi mphunzitsi wawo wadazi. Msuweni wa ku Msakambewa sanatiyankhule paukwati, koma anadya kwambiri. Ine ndinapita kukoleji, ndipo miyezi yoyamba ndinkadzuka tambala woyamba n'kukhala pabedi manja akuyabwa, anzanga akuliza mkonono.

Bambo a ku Phalombe sanaphunzire kuphika mpaka kalekale. Anapeza ntchito yowayenera, yonyamula masikono panjinga kupita nawo kumaesiteti a ku Bowe, kukagulitsa kwa matenanti anzawo akale. Ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, chifukwa pakhomo lililonse ankayenera kufotokoza mmene anagulira kampani pamaso pa boma. Ndinamva kuti m'nkhani yawoyo khamu lija linkakula chaka ndi chaka, ndipo amene anaphika masikono pamaso pa bwana anali iwowo.